Masewera Amene Safuna Kutha

Makolo athu sankadana ndi masewera. Iwo ankadziwa kuti munthu amene waweramira khasu kuyambira m'mbandakucha ayenera kupeza nthawi yoongola msana ndi kuseka ndi anzake. N'chifukwa chake pansi pa mtengo wa pabwalo pankakhala maenje a nsolo, atsikana ankasunga timiyala tawo ta chiyato, ndipo anyamata ankathamangitsa chimpombwa mpaka fumbi kuti koboo. Masewera onsewa, ngakhale anali osiyana, anali ndi khalidwe limodzi: ankatha. A nsolo ankatha mnzako akakudyera njere zonse, chiyato chinkatha amayi akaitana kuti madzi a nsima awira, ndipo mpira unkatha mdima ukabisa zigoli.

Lero kuno ku Kanakantapa, monga m'madera ena a boma la Chongwe, kwafika masewera a mtundu wina, amene amakhala m'foni ndi m'makina olumikiza ku wailesi yakanema. Achinyamata amawatcha magemu. Sindikulemba kuti ndiwanyoze, pakuti inenso ndawasewerapo ndipo ndakondwera nawo. Chimene chandigwiritsa cholembera n'chakuti pa zaka zoposa 30 zimene ndakhala ndikuwaona, magemu asintha mtima. Kale ankapangidwa kuti munthu awagule, awasewere, awamalize. Ambiri a lero amapangidwa kuti asathe, chifukwa eni ake anazindikira kuti phindu lili m'nthawi ya wosewerayo. Banja lachikhristu liyenera kudziwa m'mene kusinthaku kunayendera, kuti lisangoletsa ana mwaukali kapena kungowalekerera mwaulesi.

Nthawi ya kugula kamodzi

Gemu ndinaiona koyamba ku Lusaka, m'zaka zotsatira 1991, pamene malonda anamasulidwa ndipo masitolo a ku Kamwala anadzaza ndi katundu wochokera kunja. Panali kachipangizo kogwira m'manja kotchedwa brick game, kamene munthu ankayala nako tinjerwa togwa kuchokera kumwamba. Nzeru yake inachokera ku Tetris, gemu imene Alexey Pajitnov anapanga ku Moscow mu 1984. Panalinso makina otchipa okhala ndi makaseti achikasu, m'mene munali kamunthu ka ndevu za pamlomo kotchedwa Mario, kolumpha maenje ndi kupewa adani. Ana a m'komboni ankasonkhana m'nyumba ya amene anali ndi makinawo, namasinthana: wina akagwa m'dzenje, mnzake ankalandira.

Mwini wake wa Mario ndi kampani ya ku Japan yotchedwa Nintendo, imene inayamba mu 1889 mumzinda wa Kyoto ndi malonda a makadi osewerera. Gemu ya Super Mario Bros. inatuluka mu 1985, ndipo mmisiri wake wamkulu anali Shigeru Miyamoto. Malonda a masiku amenewo anali ngati a kalipentala. Munthu ukagula mpando, kalipentala sabweranso kudzakulipiritsa nthawi iliyonse ukafuna kukhalapo. Phindu lake lili pa kupala bwino thabwa, kuti mnansi wako akauona mpandowo afunse kumene unaugula. Chimodzimodzi wopanga gemu ankalandira ndalama kamodzi, ndipo chimene chinkamubweretsera ogula ena chinali mbiri ya ntchito yake.

Sindikunena kuti dyera linalibemo m'malonda amenewa. Mu 1982 kampani ya ku America yotchedwa Atari inapangitsa gemu ya E.T. m'masabata 5 okha, pofuna kuti ikhale m'masitolo nthawi ya Khrisimasi. Ogula anakhumudwa nayo, ambiri anaibweza, ndipo popeza magemu ena osalongosoka anali atadzaza kale m'masitolo, malonda onse a magemu ku America anagwa mu 1983. Makaseti osagulidwa anakakwiriridwa kudzala la mzinda wa Alamogordo, kumene anthu anakawafukula mu 2014. Kuthamanga sikufika. Koma onani kuti pa nthawiyo wogula anali ndi ndodo m'manja: ntchito ikaipa, ankangoleka kugula, ndipo kampani inkamva kuwawa.

Khomo litsegukira aliyense

Kwa zaka zambiri magemu anali a anthu ochepa: anyamata a m'tauni okhala ndi magetsi, wailesi yakanema ndi makolo a ndalama. Chimene chinagumula mpandawo ndi foni. Mu 1997 kampani ya Nokia inaika m'mafoni ake kagemu ka njoka kotchedwa Snake, ndipo anthu amene sanagwirepo makina osewerera anayamba kuyendetsa kanjokako podikira basi. Mu 2006 Nintendo inatulutsa makina otchedwa Wii, oseweredwa pongogwedeza dzanja, kotero kuti agogo ndi adzukulu ankatha kupikisana. Makina amenewa anagulidwa oposa mamiliyoni 100. Mu 2008 kampani ya Apple inatsegula msika wa mapulogalamu a m'foni, ndipo mu 2012 kunabwera Candy Crush Saga, gemu yolinganiza timaswiti ta mitundu. Masiku ano anthu oposa mabiliyoni 3 amasewera magemu, ndipo pafupifupi theka la ndalama zonse za malondawa limachokera ku mafoni.

Zimenezi sitichita kuzimva, timaziona ndi maso. Mukakwera minibasi ya ku Lusaka pa msewu wa Great East, mudzapeza amene mwakhala naye pafupi akusuntha chala pafoni. Amayi ogulitsa tomato m'mbali mwa msewu amachita chimodzimodzi podikira ogula. Awa ndi osewera ongodutsa, amene safuna kuphunzira malamulo ovuta kapena kukhala maola ambiri pa gemu imodzi. Amafuna kanthu kopepuka ka mphindi zisanu.

Akatswiri akale a magemu amadandaula kuti osewera oterewa ndiwo aononga zinthu, chifukwa makampani tsopano amapanga magemu osavuta ndi ofanana pofuna kukondweretsa khamu. M'dandaulo limeneli muli choonadi pang'ono, koma ine sindigwirizana ndi kuloza chala mlendo. Masewera abwino sakana munthu. Mwana wa zaka 8 amaphunzira nsolo tsiku limodzi, pamene nkhalamba ya zaka 80 imapezamobe nzeru zatsopano. Kupepuka si tchimo, ndipo mayi wogulitsa tomato ali ndi ufulu wopumitsa maganizo ake ngati mnyamata wa ku yunivesite. Vuto linabwera pamene makampani anadzifunsa kuti: khamu ili silifuna kugula gemu, nanga tidzalidyera bwanji?

Chaulere chimalipidwa bwanji?

Yankho lawo linali kupereka gemu kwaulere, kenaka n'kumatolera ndalama m'kati mwake. Ife alimi tingamvetse bwino njira imeneyi poona FarmVille, gemu imene kampani ya Zynga inatulutsa pa Facebook mu 2009. Munthu ankapatsidwa kamunda ka pakanema, nabzalamo mbewu, koma akachedwa kudzakolola, mbewuzo zinkafota. Wofuna kuti zitsitsimuke ankatha kulipira ndalama zenizeni. M'chaka cha 2010 anthu oposa mamiliyoni 80 ankalima minda imeneyi mwezi uliwonse.

Ine ndaona chimanga chenicheni chikufota, makamaka m'chilala cha 2024, pamene boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi. Chimanga chathu chinafota chifukwa mvula inakana, ndipo palibe amene anakonza zimenezo. Koma mbewu za FarmVille zinkafota chifukwa munthu wina anakhala pansi n'kukhazikitsa lamulo lakuti zizifota, podziwa kuti mtima wa munthu sufuna kutaya chimene wavutikira. Chilala chake chinali chochita kupanga, ndipo amene anachipangayo ndiye ankagulitsanso mvula.

Nzeru imeneyi yabala ana ambiri. Magemu ena amakupatsa miyoyo yowerengeka, ndipo ikatha uyenera kudikira kapena kulipira. Ena amakupatsa kamphatso tsiku lililonse, koma ukadumphitsa tsiku limodzi umayambiranso pachiyambi. Ena amaonetsa malonda pambuyo pa mphindi zochepa zilizonse, namadya bandulo imene unagula ndi thukuta lako. Ambiri satchula mtengo wa zinthu m'makwacha kapena m'madola, koma m'timiyala tonyezimira kapena tindalama ta golide ta m'gemu momwemo, kuti wogula asamve kulemera kwa chimene akutulutsa. Makampani amadziwa kuti osewera ambiri sadzalipirapo kanthu, ndi kuti gawo lalikulu la ndalama limachokera kwa ochepa amene amalephera kudziletsa. Ochepawo amawatcha anamgumi, monga msodzi amatchulira nsomba yaikulu imene yameza nyambo.

Palinso mabokosi a mwayi. Munthu amalipira osadziwa chimene chili m'katimo. Anyamata athu amadziwa bwino gemu ya mpira ya FIFA, imene inayamba mu 1993 ndipo kuyambira mu 2023 imatchedwa EA Sports FC. Ambiri amaisewera m'timashopu ta magemu ta m'makomboni, kumene amalipira pa mpikisano uliwonse, ndipo anakondwa kwambiri kuona Patson Daka m'menemo atavala malaya a Leicester City. Koma kuyambira mu 2009 gemuyi ili ndi chigawo chotchedwa Ultimate Team, m'mene munthu amagula timapaketi totsekedwa ta osewera mpira, akuyembekeza kuti mwina mutuluka katswiri. Dziko la Belgium linagamula mu 2018 kuti mabokosi olipira oterewa ndi juga. Mu 2022 kampani ya Epic Games, mwini wa gemu ya Fortnite, inavomera kulipira madola mamiliyoni 520 ku America pa milandu yokhudza zinsinsi za ana ndi mabatani osokeretsa amene ankagulitsa anthu zinthu zimene sanafune.

Wina angati zimenezi ndi za kutali. Mumphakati wathu muli mayi wina wamasiye amene anasunga m'foni ndalama za tomato wake, kuti akagule feteleza mvula ikayandikira. Mdzukulu wake, amene amamuthandiza kuwerenga mauthenga, ankadziwa nambala yachinsinsi. Pang'onopang'ono, kwa masabata angapo, mwanayo anagula timiyala ta m'gemu ina mpaka ndalama ya thumba lathunthu inatha. Titakhala pansi kuti timve nkhaniyo, mwanayo analira nati: "Agogo, ine ndimangofuna kuti anzanga asandisiye m'mbuyo." Sanali mbala. Anali mwana wa zaka 11 amene anakumana ndi msampha wotcheredwa ndi akuluakulu ophunzira. Tinasonkherana, feteleza anagulidwa, koma kukhulupirirana kwa agogo ndi mdzukulu kunatenga nthawi kuti kuchire. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mwana amene wazolowera kulipira kuti aone chimene chili m'bokosi sakhala kutali ndi juga yeniyeni. Makina a bonanza a m'timabala ndi gemu ya kandege kouluka, imene dzina lake ndi Aviator ndipo inatuluka mu 2019, zimavala mitundu ndi timaphokoso tofanana ndi ta magemu a ana. Malire a masewera ndi njuga, amene kale anali ngati mtsinje, lero ali ngati kamzere ka pamchenga.

Nawonso amisiri akulira

Tisaganize kuti onse opanga magemu akusambira m'chuma. Magemu akuluakulu a masiku ano amatenga zaka zingapo, antchito mazanamazana ndi madola mamiliyoni mazana kuti apangidwe. Amene waika ndalama zochuluka chotero safuna kuyesa zachilendo, koma amabwereza zimene zinagulidwa kale, n'chifukwa chake magemu ambiri amafanana ngati ana a mimba imodzi. Makampani aakulu akumezanso ang'onoang'ono. Kampani ya King, mwini wa Candy Crush, inagulidwa ndi Activision Blizzard mu 2016 pa madola mabiliyoni 5.9. Nayonso Activision Blizzard inagulidwa ndi Microsoft mu 2023 pa madola pafupifupi mabiliyoni 69, ndipo patangopita miyezi itatu antchito 1,900 anauzidwa kuti ntchito yatha. M'chaka cha 2023 chokha anthu oposa 10,000 anachotsedwa ntchito m'makampani a magemu, ndipo mu 2024 chiwerengero chinakula.

Gemu imene siikoka khamu msanga imaphedwa. Mu 2024 kampani ya Sony inatulutsa gemu yotchedwa Concord, imene inapangidwa kwa zaka zambiri, koma inaitseka patangotha masabata awiri, ndipo gulu limene linaipanga linathetsedwa. M'chaka chomwecho kampani ya Ubisoft inazimitsa makompyuta amene ankayendetsa gemu ya magalimoto yotchedwa The Crew, kotero kuti ngakhale amene anaigula ndi ndalama zawo sakanathanso kuisewera. Kalipentala uja tsopano amatha kulowa m'nyumba mwako n'kunyamula mpando.

Papa Yohane Paulo II, amene anatichezera kuno ku Zambia mu 1989, anaphunzitsa m'kalata yake ya Laborem Exercens ya 1981 kuti munthu wogwira ntchito ndi wofunika kuposa chuma chimene chaikidwa m'ntchitoyo. Chiphunzitso chimenechi chimakhudza wojambula ndi wolemba mapulogalamu monga chimakhudzira wa m'migodi. Chimakhudzanso ana athu, pakuti ena a iwo adzakhala amisiri a zinthuzi. Ku Lusaka kuli malo otchedwa BongoHive, amene kuyambira mu 2011 amathandiza achinyamata a luso la makompyuta. Ku Cameroon gulu la Kiro'o Games linatulutsa mu 2016 gemu yotchedwa Aurion, yozikidwa pa nthano ndi miyambo ya mu Africa. Mnyamata kapena mtsikana wa ku Chongwe akadzafuna kuika Kalulu ndi Fisi m'gemu, kodi msika udzamulola kusimba nthano yokhala ndi mathero ndi phunziro, kapena udzamukakamiza kusandutsa Kalulu kukhala nyambo? Yankho lidzachokera kwa ife ogula, pa zimene tivomera kulipira.

Munda wina

Chiyembekezo chilipo, ndipo ndachipeza m'gemu inanso ya ulimi. Mnyamata wina wa ku America, Eric Barone, anagwira ntchito yekha kwa zaka zoposa zinayi, najambula zithunzi, napeka nyimbo ndi kulemba nkhani yonse, mpaka mu 2016 anatulutsa Stardew Valley. Nkhani yake ndi ya munthu wotopa ndi ntchito ya mu ofesi mumzinda, amene apita kumudzi kukatsitsimutsa munda umene agogo ake anamusiyira. Gemuyi munthu amaigula kamodzi. Ukaitseka, munda umakudikira, ndipo palibe chimene chimafota chifukwa unapita ku Misa kapena ku maliro. Yagulidwa koposa mamiliyoni 40, ndipo ambiri amene amaikonda ndi osewera ongodutsa omwe aja amene amanenedwa kuti aononga zinthu.

Nkhani imeneyi imandigwira mtima chifukwa ikufanana ndi mbiri ya dera lathu. Kanakantapa inatsegulidwa mu 1988 kuti achinyamata osowa ntchito m'matauni apeze minda ndi kuyamba moyo watsopano. Amene anabwera nthawi imeneyo amadziwa kuti nthaka simanamiza: imabweza molingana ndi thukuta ndi mvula. Magemu awiri a ulimi, FarmVille ndi Stardew Valley, onse ndi opepuka ndipo onse anakondedwa ndi khamu. Kusiyana kwake n'kwakuti ina inaona wosewera ngati munda wokolola, pamene inayo inamuona ngati mlendo woyenera kulandiridwa bwino. FarmVille yoyamba ija inatsekedwa kumapeto kwa 2020.

Nanga ife titani?

Eklezia sanaphunzitsepo kuti kusewera n'kulakwa. Tomasi Woyera wa ku Aquino anafotokoza kuti monga thupi lifuna kupuma, mzimu nawonso ufuna chisangalalo, malinga chikhale ndi muyeso. Yohane Bosko Woyera ankakopa ana a m'misewu ya ku Turin ndi masewera asanawaphunzitse katekisimu. Ngakhale za masewera a mwayi, Katekisimu wa Eklezia Katolika, pa ndime 2413, amati amaipa pamene alanda munthu zofunika pa moyo wake ndi wa ena, ndipo amachenjeza kuti chilakolako chake chingasanduke ukapolo. Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, linavomereza mu 2019 kuti kulephera kudziletsa pa magemu, mpaka sukulu, ntchito ndi banja zionongeke, ndi matenda ofuna chithandizo.

Achinyamata ali ndi mnzawo kumwamba amene anadziwa zinthuzi. Carlo Acutis, amene anabadwa mu 1991 namwalira mu 2006 ali ndi zaka 15, ankakonda makompyuta ndipo anali ndi PlayStation. Amayi ake amachitira umboni kuti iye anadziikira yekha malire a ola limodzi pa sabata. Papa Leo XIV anamulengeza kukhala Woyera pa 7 September 2025. Carlo sanataye makina ake kudzala, koma anakana kuti makinawo amulamulire.

Tsono, makolo anzanga, musanalande foni kapena kuipereka, khalani pansi pafupi ndi mwana, mumupemphe kuti akuphunzitseni gemu imene amaikonda. Pamene mukusewera naye, funsani mafunso atatu. Loyamba: kodi gemuyi ili ndi pothera, pamene munthu angaime popanda kulangidwa? Lachiwiri: kodi imapempha chiyani, ndalama, nthawi kapena tulo, ndipo kodi imatchula mtengo wake poyera? Lachitatu: mwana akaisiya, amadzuka wokondwa ndi wokonzeka kutumidwa, kapena wokwiya ndi wosakhazikika? Mayankho ake adzakuuzani zambiri kuposa dzina la gemuyo.

Nambala yachinsinsi ya ndalama za m'foni ikhale ya akulu okha, ngakhale mwana ndi wokhulupirika chotani. Nthawi ya chakudya ndi ya mapemphero a madzulo mafoni onse agone pamalo amodzi, kuyambira ya abambo, pakuti mwana amatsata mapazi osati mawu. M'mera m'poyamba. M'miphakati yathu tikambirane nkhaniyi momasuka, osachititsa manyazi banja limene lagwa m'vuto, chifukwa mwana wa mnzako ngwako yemwe. Ndipo magulu a achinyamata a m'parishi angathe kukonza mipikisano ya mpira wa pakanema pamodzi ndi ya nsolo, masana, pamaso pa onse, yokhala ndi nthawi yoyambira ndi yomalizira.

Makampani adzapitiriza kufunafuna njira zotisungira maso pa kanema, pakuti ndiko kudya kwawo. Koma masiku a moyo wathu anatipatsa ndi Mulungu, ndipo kwa Iye ndiko tidzakafotokoze m'mene tinawagwiritsira ntchito. Tiphunzitse ana athu kusewera ndi mtima wonse, ndiponso kudziwa kunena kuti kwa lero zakwana. Carlo Acutis Woyera, mupempherere ana athu ndi ife makolo awo.